Kufunira Alamu Anga Msewu

Musandifunse kuti chinali chaka chiti. Ndikati ndiwerenge, zaka zimabalalika ngati nkhuku zoona munthu akubwera ndi dengu lovundikirira. Chimene ndikudziwa n'chakuti mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukatanso, ife tili pa ulendo, ine ndi alamu anga a Zakeyu, tikufunafuna msewu woti munthu wodwala ayendetsepo galimoto popanda kupha wina.

A Zakeyu ndi amuna a mlongo wanga Idesi. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa malole: fodya, feteleza, matabwa, chilichonse cholemera. Msewu ankaudziwa momwe mlimi adziwira munda wake, pamene pali chulu ndi pamene madzi amadikha. Kenako kunabwera nthenda. Mdima unkangowagwera masana dzuwa likuswa mtengo. Amatha kukhala akulankhula nawe, mawu n'kuduka pakati, maso ali chiyang'anire, ndipo pakapita kamphindi amabwerera osadziwa kuti anachokapo. Kuchipatala anati mankhwala azimwa, koma chiwongolero asadzachigwirenso. Abwana awo anawalanda makiyi mwaulemu, n'kuwapatsa bulangeti ndi mawu othokoza.

Kumudzi ankangokhala pakhonde, manja ali m'mwamba pang'ono, akukhotetsa mphepo. Chakudya ankangochilawa. Ndiye kunamveka mbiri ya munthu wina wa malole onyamula miyala ya kukwale, malo oswera miyala kuseri kwa mapiri, munthu wosafunsa mapepala, amene anatumiza mawu akuti dalaivala ngati a Zakeyu akangofika, makiyi ali pa msomali. Idesi ankaudziwa msewu wotsika kukwaleko. Umadutsa pakati pa msika. Anabwera kwa ine m'mawa wina maso atatupa, ndipo sanafunike kunena zambiri.

Ine ndinali nditaonapo m'tauni anthu akuyendetsa magalimoto a pakanema, m'magemu aja othamangitsana. Ndinawafotokozera alamu kuti ena mwa magemuwo akuti anawapanga mofanana kwambiri ndi galimoto yeniyeni, ndipo munthu ukagunda, sipagwa maliro. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka, kuseka koyamba chidwalireni.

"Mlamu, kwanu munandipatsa mkazi wovuta, lero ukufuna undipatsenso chidole?"

Ndinati mkazi wovutayo ndiye wawasunga mpaka imvi, chidolenso achiyese kaye. Anasisita mawondo.

"Chabwino. Ukandipezera msewu woti thupi langa liuvomere, kukwale sindipita. Ukalephera, usadzandigwire malaya."

Tinanyamuka ndi kachikwama kamodzi ndi mankhwala awo.

Malo oyamba anali kamsika ka m'mbali mwa msewu wa fumbi, kokhala ndi chigayo chimodzi ndi agalu ambiri ogona. Kuseri kwa kanyumba kometera tsitsi kunali chipinda cha mdima, kanema ali pa tebulo, anthu atathithikana pa benchi. Alamu anafunsa kuti chiwongolero chili kuti. Wometayo anawapatsa kachipangizo kogwira m'manja, kamene onse ankakatchula kuti padi, n'kuwaonetsa kamtengo kakang'ono kokankha ndi chala chachikulu. Alamu anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati galimoto yoyendetsa ndi chala chimodzi imafunanso laisensi. Wometa anati imangofuna munthu wometa bwino, ndipo lezala ali nalo pafupi.

Sitinachoke msanga. Alamu ankati galimoto siiweruzidwa ndi ulendo umodzi, monga mkamwini saweruzidwa ndi mzere umodzi wa m'munda. Ine ndinapeza ganyu pachigayo, ndipo ndinaphunzira kumva ndi khutu lamba akayamba kukhwefuka. Iwo tsiku ndi tsiku ankakhala pa benchi paja, chala chawo chachikulu chikuphunzira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mapewa onse awiri. Anafika popambana anthu ambiri a pamsikapo. Koma akabwera pogona, ankangopukusa mutu.

Vuto lake, ankati, galimoto ija inalibe mimba. Galimoto yeniyeni ukaponda buleki imawerama ngati munthu wopereka moni kwa akuluakulu. Ukalowa pakona imatsamira kunja, ndipo umadikira kaye kuti kulemera kwake kukhazikike usanapondenso moto. Ya pakanemayo inkangotsetsereka ngati mbale pa tebulo lonyowa. Ikagunda khoma inkanjanja ngati mpira n'kupitiriza ulendo, osaphwanya ngakhale nyali. Tsiku lina anamufunsa wometa uja ngati pali njira yoikweza matumba a chimanga kuti mwina ilemereko. Wometa anaseka mpaka anamusiyira kasitomala kanjira pakati pa mutu.

Tinachoka m'mawa, ufa ukadali m'tsitsi mwanga.

Za maulendo a pakati sindikumbuka bwino. Midzi inkafanana. Paliponse tinkapeza mayi yemweyemweyo akugulitsa nthochi pansi pa mtengo womwewo, ndipo galu wofiira amene anatiperekeza potuluka m'mudzi wina ankatichingamira polowa m'mudzi wotsatira. Tikakwera minibasi, alamu ankakhala kumbuyo kwa dalaivala, phazi lawo likuponda buleki yosaoneka kona isanafike. Madalaivala ena ankazindikira n'kuwapatsa ulemu. Ena ankawauza kuti asiye kuwapumira m'khosi.

Tinafika m'tauni ina ya paphiri, ya nkhungu ndi fungo la utuchi. Kumeneko mayi wina dzina lake Nachisale anali ndi sitolo ya mafoni, ndipo pakona ya sitoloyo panali mpando, kanema wamkulu, chiwongolero chozungulira bwinobwino, ndi zopondera pansi. Alamu ataona anaima pakhomo ngati munthu woona m'bale wake amene ankamuyesa anamwalira. Anatulutsa kansalu m'thumba, anapukuta chiwongolerocho, anakhala, n'kutambasula dzanja kufuna galasi loonera kumbuyo limene panalibe.

Zithunzi za gemu imeneyo zinali zokongola zedi. Madontho a mvula ankayenda pa galasi lakutsogolo, dzuwa linkawala pa boneti, mitengo inkagwedezeka ndi mphepo. Nthawi zina nkhungu ya panja inkalowa pakhomo n'kusakanikirana ndi ya pakanema, mwakuti sindinkadziwa kuti sitolo yathera pati. Galimoto ya mmenemo inalinso ndi kulemera kwake. Inkawerama pa buleki, ndipo alamu anavomera ndi mutu. Masiku oyambawo ankadya n'kupempha zina. Ndinatumiza uthenga kwa Idesi kuti mwina tapeza.

Koma tsiku lina anandiitana kuti ndiime pambali pawo. Anamupempha Nachisale kuti atsitse phokoso lonse. Anati atsinzina, ndipo ine ndisawauze kanthu; anena okha galimoto ikachoka pa tala. Anatsinzina. Galimoto inachoka pa tala, inalowa mu udzu, inadutsa mumchenga, inakaima m'dziwe, iwo ali chigwirire chiwongolero, nkhope ili duu, akudikira kumva kanthu. Atatsegula maso anapeza madzi afika m'mawindo.

Anati chiwongolero chimenechi n'chosalankhula. Chenicheni chimakuuza zonse. Chimalemera matayala akagwira msewu, chimapepuka akayamba kuthawa, chimanjenjemera pa miyala, chimakukoka tayala limodzi likagwera m'matope. Ichi chinkangobwerera pakati mwaulemu, kaya uli pa tala kaya uli mumtsinje. Nachisale anandilola kuti ndichimasule, poti chinali chitayambanso kulira pokhota, ndipo m'kati mwake ndinapezamo mphira wokoka, wonga wa legeni. Umo ndi mmene ndinayambira ntchito yokonza ziwongolero za magemu, imene ikundidyetsa mpaka lero.

Nachisale anati anthu ake amabwerera zoona ndi maso, ndipo palibe amene anadandaulapo. Alamu anati sakumunena, chinthu chake n'chokongola ndithu, kungoti kukongola kopanda mawu kumatopetsa.

"Bola mlongo wako, mlamu. Nkhope ndi yomwe ija, koma ukalakwitsa umadziwa pompo."

Ndinati ndikanena. Anati ndikanene, iwo akakana.

Tinatsika phiri lija nkhungu ili m'mawondo, ndipo ndinaona kuti maso awo ankatsatira lole iliyonse yodutsa mpaka itazimiririka.

Panali malo ena ambiri, ndipo ena sindingawasiyanitse ndi maloto. M'tauni ina ya m'chigwa munali gemu imene galimoto yake inkakhota usanaikhotetse n'kumadziponderanso buleki, ngati kuti wina wobisala akukuthandiza. Alamu anati safuna kuyendetsedwa ngati mkwatibwi. Kwina magetsi ankazima tikangofika pakona yabwino, ndipo tinkakhala mu mdima wa masana tikumva makoswe kudenga. Kwina tinayenda mtunda wautali chifukwa cha mbiri ya mpando wabwino, koma tinapeza chitseko chokhoma, mwini wake atasamuka, pakhoma patangotsala chithunzi cha galimoto chosuluka ndi dzuwa. Paliponse ndinkaphunzirapo kanthu, mwina kulumikiza waya, mwina kudzoza girisi, ndipo paliponse alamu ankachokapo atachepetsako mawu.

Potsiriza tinalowa mu mzinda waukulu. M'nyumba ina yosanja, pamwamba pa sitolo za nsapato, munali chipinda chozizira chokhala ndi mipando yoyendetsera yondandalika ngati m'basi. Woyang'anira anali mtsikana wofatsa dzina lake Eneresi, amene ankawatchula alamu kuti agogo mpaka iwo anamupempha kuti awatsitseko afike pa amalume. Ziwongolero za kumeneko zinali ndi kainjini ka magetsi m'kati. Alamu atangogwira, chiwongolero chinadzizunguza chokha, ndipo anachisiya msanga ngati agwira njoka. Kenako anamwetulira.

"Ichi chili moyo."

Pa makina omwewo panali magemu angapo, ndipo Eneresi ankawasinthira imodziimodzi. Ine ndinalembedwa ntchito yomanga zomasuka ndi kupukuta fumbi, choncho tinakhalitsa, mwina dzinja lonse. Gemu yoyamba inkagwedeza manja pa chilichonse, ngakhale pa mzere wa penti. Alamu anati imeneyi ili ngati munthu woledzera akamafotokoza za ulendo: zoona zilimo, koma wakokomeza mpaka sudziwa chofunika n'chiti. Yachiwiri inali yaukali. Ukangoponda moto pang'ono, galimoto inkazungulira n'kuyang'ana komwe wachokera. Osewera ambiri ankaitama kuti ndiyo yeniyeni chifukwa ndi yovuta. Alamu anati kuvuta ndi kunena zoona n'zosiyana. Tayala lenileni silikusiya mwadzidzidzi. Limayamba ladandaula, limalira, limakupatsa mpata woti ulipepese, ndipo likakusiya umadziwa kuti unachenjezedwa. Matayala a mmenemo ankangochoka osatsanzika.

Yachitatu ndiyo inawagwira mtima. Mmenemo matayala ankayamba ali ozizira ndi ouma, n'kumafewa akatentha. Polowa pakona mothamanga, chiwongolero chinkapepuka pang'onopang'ono m'manja, ndipo ukachotsako phazi chinkalemeranso. Alamu ankakhala pamenepo kuyambira m'mawa, akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Madandaulo awo anali ochepa. Ankati msewu wake ndi wozungulira ngati khola, wosapita kulikonse, wopanda mudzi, wopanda mbuzi. Ndiponso mpando unali wakufa. Manja, ankati, amamva za kutsogolo, koma za kumbuyo kwa galimoto zimamvedwa ndi msana ndi pokhalira. Matayala akumbuyo akayamba kuterera, thako limadziwa maso asanaone. Eneresi akamva zimenezi ankaseka dzanja lili pakamwa. Komabe alamu ankati mwina munthu angazolowere, ndipo za kukwale anasiya kuzitchula.

Mdima unawagwera masana ena ali pa liwiro. Ndinali pafupi, ndikumanga chopondera cha mpando wina. Ndinaona manja awo akufooka, mutu uli chiimire, maso ali pakanema koma osaona. Galimoto inapitirira kona, inawomba khoma, inagubuduzika, tayala limodzi n'kuthawira kwalokha. Anthu a m'mipando ina sanatembenuke n'komwe. Eneresi, mwa chifundo chake, anathamanga n'kudina batani, ndipo mmene alamu amabwerera, galimoto inali itaima poyambira, yatsopano, yonyezimira, injini ikulira bwinobwino.

Anayang'ana kanema, anayang'ana ine. Anafunsa ngati kwachitika kanthu. Ine ndi Eneresi tinati ayi, koma iwo anaona thukuta pankhope panga m'chipinda chozizira chija.

"Ndagunda?"

Ndinavomera. Ndinati koma aone ubwino wake, palibe wavulala, ndipo n'chimene tinabwerera.

"Ndiye ndafa, mwandidzutsa ndi batani, osandiuza." Anachotsa manja pa chiwongolero n'kuwaika pa mawondo. "Mlamu, galimoto imene singaphe munthu si galimoto. Ndakhala ndikusewera ndi chidole dzinja lonseli."

Sanakalipe. Anamuthokoza Eneresi, anatsika masitepe, ndipo m'mawa mwake anakwera basi yolowera kumapiri a kwale. Malaya awo sindinawagwire, poti ndinalonjeza. Ndinangokhala pa mpando wa kumbuyo kwawo.

Mudzi wa m'munsi mwa kwale unali woyera ndi fumbi la miyala. Masamba a mitengo, madenga, misana ya mbuzi, zonse zinali ngati zawazidwa ufa. Msewu unkatsika phiri mokhotakhota n'kulowa mumsika monga Idesi ananenera, ndipo lole ikamatsika amayi ankangokoka milu ya tomato pang'ono, osadzuka. Mwini malole anawalandira alamu ndi manja awiri. Sanafunse za pepala lililonse. Anati lole imodzi ili kugalaja, ikangotuluka ndi yawo.

Masiku odikirawo alamu sankalankhula nane kwenikweni. Ankapukuta nsapato zawo n'kumayang'ana kumtunda. Ine ndinkangoyendayenda mumsika, ndikuganiza mmene ndikamuuzire mlongo wanga. Ndiye masana ena ndinamva injini ikulira m'shedi ya munthu wowotcherera zitsulo, koma pakhomo panali papang'ono poti galimoto singalowe. Ndinasuzumira.

Mwini shediyo, a Binali, anali atatenga mpando wa lole yakufa n'kuuwotcherera pa chimango cha zitsulo. Chiwongolero chinali cha kainjini ngati za mumzinda zija, chogula chakale, koma anachiveka mkombero waukulu wa lole. Giya inali ndodo yachitsulo ya kumanzere. Pansi pa mpando anamangirirapo sipika yaikulu yopanda bokosi, ndipo kumbuyo kunali timainjini ta mawaipa opukutira galasi la galimoto, timene tinkapendeketsa mpando galimoto ikamakhota. Anandiuza kuti anazipanga kuti anyamata akabaza azikhala ndi pocheza podikira makasitomala, komanso chifukwa iwo eni mayeso a laisensi anawakana kambirimbiri. Gemu yake sinali yozungulira bwalo. Inali ya misewu ya dothi, ya m'nkhalango ndi m'midzi ya dziko lina, galimoto imodzi payokha ikulimbana ndi wotchi, ndipo mawu a munthu wosaoneka ankanena makona akubwera.

Kuwakoka alamu kunali kovuta. Anati nkhani ya zidole inatha. A Binali ndiwo anandithandiza. Anabwera okha pomwe tinkagona n'kunena kuti amva kuti m'mudzi mwafika dalaivala wamkulu, ndipo akufuna munthu wodziwa awauze ngati mpando wawo ukunama. Anati ukapezeka kuti ukunama, auphwanya apange mbaula. Alamu anati mbaula yake ikhala yaikulu ndithu, n'kudzuka kufuna chipewa chawo.

Anakhala pa mpandowo anyamata akabaza atawazungulira. Injini italira, sipika ija inanjenjemeretsa mpando, ndipo ndinaona msana wawo ukuwongoka. Analowetsa giya, ananyamuka pang'onopang'ono. Pa mabampu oyamba mano awo anagundana. Pakona ya matope kumbuyo kwa galimoto kunayamba kuthawa, mpando unapendekeka, ndipo manja awo anali atabweza kale chiwongolero ine ndisanaone kanthu pakanema. Mawu aja akanena kona, alamu ankayankha kuti aiona kale, ngati akulankhula ndi wowathandiza wa m'lole. Liwiro linakwera. Anyamata anayamba kuyang'anizana, mmodzi n'kuloza wotchi ya pamwamba pa kanema, akunong'ona kuti madalawa aposa aliyense amene anakhalapo pamenepa.

Msewu unatuluka m'nkhalango n'kulowera kumudzi wina wa pakanemapo. Opanga gemu anaikapo nthambi za masamba obiriwira zogwera mumsewu, monga kuti kunawomba mphepo, ndipo kutsogolo kwake anthu ambiri anali ataima m'mbali, oonerera mpikisano. Osewera onse a m'shedimo ankadutsa pamenepo phazi lili pansi.

Alamu anachotsa phazi pa moto. Anatsitsa giya, anatsitsanso. Dzanja lawo lamanzere linapapasa kutsogolo kufuna kuzimitsa wailesi, kenako linakwera, linavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Kwathu kuno nthambi zikayalidwa mumsewu ndiye kuti pamudzipo pagwa maliro, ndipo dalaivala woleredwa bwino sadutsa ndi fumbi. Galimoto inayenda ngati ikukankhidwa ndi manja. Mnyamata wina anayamba kunena kuti madala, nthawi ikutha, pondani, koma a Binali anamugwira phewa. Sipika inkang'ung'udza pansi pa mpando.

Pa liwiro limenelo tinawaona anthu aja koyamba. Palibe amene anali atawaonapo bwino, ngakhale a Binali, poti aliyense ankangodutsa ngati mphepo. Panali bambo wa jekete lofiira, mayi wonyamula ambulera, ndi ana awiri ataima zala za kumapazi zili mumsewu. Alamu anawadutsa mmodzimmodzi, mutu utawerama pang'ono. Atapitirira nthambi zomaliza anavala chipewa, anaponda moto, n'kumaliza ulendo wawo. Wotchi inawaika kumbuyo kwa aliyense.

Mmodzi wa anyamata aja anafuna kuwafotokozera kuti sanali maliro. Alamu anakweza dzanja.

"Ndikudziwa kuti ndi kanema, sindine wamisala. Koma phazi silinandifunse. Langochoka lokha."

Anakhalabe pa mpandopo, manja ali pa chiwongolero. Nthawi yomweyo panja panamveka lole yeniyeni ikutsika phiri ndi miyala, mabuleki akulira. Malata a shedi ananjenjemera. Kudzera pakhomo tinaiona ikulowa mumsika, amayi akukoka tomato wawo, mtsikana wina akuwoloka ndi ndowa pamutu osayang'ana n'komwe. Alamu anaitsatira ndi maso mpaka fumbi linakhazikika.

"Aima pafupi kwambiri ndi msewu anthu aja," anatero.

Sindinadziwe ngati akunena a pakanema kapena a mumsika, ndipo sindinafunse.

Kenako anatembenukira kwa a Binali n'kuwauza kuti mpando wawo sukunama, kungoti umachedwa pang'ono popendekera kumanja, ndipo kilatchi ndi yofewa ngati phala la mwana. A Binali anati akonza, koma pafunika munthu wokhala pamenepo tsiku ndi tsiku kuti aziwauza zolakwika, ndipo kuseri kwa shedi kuli chipinda chimene mumangogona nkhuku. Alamu anati aganiza kaye. Anaganiza nthawi yomwe munthu amatenga kumeza malovu. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mdima ukawagwera ali pa mpandopo, wina asadine kanthu. Azibwerera n'kuipeza galimoto pomwe yagwera, adzionere okha. A Binali anavomera.

"Mlamu, mawa ukwere kumtunda, ukawauze eni malole aja afune dalaivala wina. Ndipo umuitane mlongo wako uja, adzaone kumene ndikugwira ntchito."

Ndinakwera m'mawa mwake. Mwini malole anadandaula pang'ono, kenako foni yake inalira n'kundiiwala. Idesi anabwera ndi mapoto ake ndi mawu ake, anathamangitsa nkhuku, anasesa chipinda. Ine ndinapitiriza kuyenda, poti mapazi anali atazolowera, ndikumasula ndi kumanga ziwongolero m'matauni ofanana aja.

Patapita nyengo ndinadutsanso m'mudzi woyerawo. Ndinawapeza alamu atanenepa, atakhala pa chigubu pambali pa mpando, akumuuza mnyamata wina kuti asamakhotetse ngati akupukusa mphero ya agogo ake. Anyamata akabaza anandikokera pambali n'kundidandaulira kuti pa msewu wa kumudzi uja palibenso amene amapeza nthawi yabwino. Ndinafunsa ngati alamu amawaletsa kuthamanga. Anati ayi, madala sananenepo kanthu. Kungoti munthu ukafika pa nthambi zija, iwo ali pambali pako, umachita manyazi.

Ndinaima pakhomo n'kuonerera. Mnyamata uja anatuluka m'nkhalango ali pa liwiro, matope akuuluka. Atafika pa nthambi anatsitsa giya, anatsitsanso, ndipo poti analibe chipewa, anangoweramitsa mutu.